Cisanu ca ku Texas ndi Mbaula Yathu

M'mwezi wa February 2021, ku Texas, cigawo ca America kumene nthawi zambiri kumafunda, kunagwa cipale cofewa pamodzi ndi mphepo yozizira koopsa. Mipope ya gasi inaundana, makina opanga magetsi anaima, ndipo nyumba zoposa mamiliyoni 4 zinakhala mumdima, zina kwa masiku angapo. Boma linawerenga anthu 246 amene anamwalira.

Ambiri anafa ndi cisanu ceniceni, koma mtima wanga uli pa anthu 19 amene anaphedwa ndi mpweya woipa pofuna kudzipulumutsa. Ena anayatsa makala m'nyumba, ena analiza galimoto m'garaja yotseka kuti afundidwe. Mpweya umenewu, wochedwa carbon monoxide, suoneka ndipo sununkha. Munthu amva mutu ndi cizungulire, agona, osadzukanso.

Amai ndi abambo, cipale cotere sicigwa kwathu kuno, koma mbaula tiidziwa. June ndi July akafika timailowetsa kucipinda, n'kutseka ngakhale timipata ndi nsanza. Makala ofiira opanda utsi ndiwo amatinyenga. Othani moto, inde, koma zenera likhale lotsegula, ndipo musanayambe mapemphero a usiku, mbaula ituluke panja.