ZA MAPHUNZIRO: Mphunzitsi Wabwino Sayambira Pozama

Anthu a ku Mwami amene anadutsapo malire kukafika ku Nyanja ya Malawi mwina anaona ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay anthu olowa pansi pa madzi atabereka botolo la mpweya. Luso limeneli liri ndi aphunzitsi ace, ndipo iwo salowa m'madzi asanakonze phunziro.

Mphunzitsi amayambira pamtunda. Amafotokoza kuti mpweya wopumidwa pakuya pa mamita 10 umafufuma kawiri munthu akamakwera pamwamba. Cifukwa cace wophunzira asatsekere mpweya m'cifuwa, pakuti mapapo angang'ambike. Kenaka amapita naye pamadzi osaya, namuonetsa cinthu cimodzi pang'onopang'ono, monga kutulutsa madzi m'magalasi a kumaso, kufikira wophunzirayo acicita yekha. Pamenepo ndipo apita kozama, koma osapyola mamita 18.

Makolo ophunzitsa ana kusambira m'madamu ndi m'mitsinje monga Lutembwe atolepo nzeru. Ayambe pamadzi olekeza m'mawondo, wamkulu ali pafupi, ndiponso asayese mtsinje utasefukira. Kuthamanga sikufika.