Loko wa Galimoto Akakana, Yambani Mwafunsa

Masiku ano n'zosoŵa kuona dalaivala akuzungulira zitseko zonse zinayi ndi kiyi m'manja. Amangodina kabatani kamodzi, maloko onse n'kukhomeka nthaŵi imodzi. Luso limeneli si latsopano ayi. Galimoto ya Scripps-Booth ya ku America idali nalo kale mu 1914, kampani ya Packard idalibweretsanso mu 1956, ndipo mu 1982 galimoto ya ku France ya Renault Fuego idayamba kutsekulidwa ndi rimoti mwini wake ali chapatali. Lero ngakhale galimoto zogwirako kale ntchito zimene timaitanitsa ku Japan zimafika ndi maloko amagetsi. Tsono mlandu umabuka tsiku limene mwadina batani koma chitseko chili duu.

Ndaona anthu ophunzira bwino, ena aphunzitsi anzanga, akuthamangira kukagula zipangizo zatsopano tsiku lomwelo. Mnzanga wina adalipira ndalama zogulira matumba angapo a chimanga kuti amsinthire kamakina ka m'chitseko, koma loko adakanabe. Pambuyo pake kudapezeka kuti kawaya kamodzi ndiko kadaduka. Maganizo anga ndi akuti mwini galimoto aliyense, ngakhale amene sadagwirepo sipanala, ayenera kudziŵa mafunso oyamba asanapise dzanja m'thumba. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe tamva m'mene malokoŵa amagwirira ntchito. M'kati mwa chitseko chilichonse muli kamota ndi timagiya tapulasitiki, zimene amakaniki amazitcha actuator. Mukadina batani, magetsi ochokera ku batire la mavoti 12 amadzera pa fyuzi ndi pa kabokosi kolamula, kenaka n'kuyenda m'mawaya mpaka ku kamota kaja. Akaloŵera mbali iyi, kamota kamakankha kachitsulo ndipo chitseko chimakhomeka. Akaloŵera mbali inayo, kamakoka ndipo chimamasuka. Ulendo wa magetsiwu uli ngati ngalande ya kudimba: madzi akapanda kufika pabedi, mlimi wanzeru amalondola ngalandeyo kufikira atapeza pamene yatsekeka.

Funso loyamba ndi ili: kodi chimene chakana ndi rimoti yokha? Loŵani m'galimoto, mudine batani la pachitseko cha dalaivala. Ngati maloko onse ayankha, yambani mwakayikira kabatire ka m'rimoti. Marimoti ambiri amayendera kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, ka mavoti 3, monga ka CR2032, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zipangizo zina zonse.

Funso lachiŵiri: kodi zakana zitseko zonse kapena chimodzi? N'kovuta kuti timota tinayi tife tsiku limodzi. Motero ngati zonse zili chete, yang'anani zimene zitsekozo zimagaŵana, ndizo batire la galimoto, fyuzi, batani lalikulu ndi kabokosi kolamula kaja. Mafyuzi amakhala m'bokosi la pansi pa chiongolero kapena la pafupi ndi injini, ndipo pachivindikiro kaŵirikaŵiri pamakhala chithunzi chosonyeza ntchito ya iliyonse. Fyuzi ikapsa, kachitsulo ka m'kati mwake kamaoneka koduka.

Apa ndiyenera kuchenjeza. Fyuzi imafa dala kuti ipulumutse mawaya. Amene amaikapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya akuitana moto. Ikani fyuzi ya nambala yofanana ndi imene mwachotsa, ndipo ikapsanso pomwepo dziŵani kuti pena pake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wa zamagetsi.

Koma ngati chakana ndi chitseko chimodzi, tcherani khutu pafupi nacho mnzanu akudina batani. Mukamva kulira kofooka kapena kukukuta loko osasuntha, ndiye kuti magetsi akufika, koma timagiya tadyeka kapena fumbi ndi dzimbiri zaumitsa kachitsulo. Mukapanda kumva kanthu, onani kachubu ka labala kamene kali pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pafupi ndi mahinjesi. M'menemo mumadzera mawaya amene amapindika nthaŵi iliyonse chitseko chikamatsekulidwa, ndipo pakapita zaka amaduka m'kati. Chizindikiro chake n'chakuti loko amavomera chitseko chili pena, n'kukana mukachisuntha. Musaiŵalenso kuti chitseko cham'mbuyo chimene chikutsekuka kunja kokha mwina sichidaonongeke konse. Wina wangosuntha kaloko koteteza ana ka m'mphepete mwake.

Ena adzanena kuti galimoto zamakono n'zamakompyuta, choncho munthu wamba asazigwire. M'mawu ameneŵa muli choona. Mawaya achikasu ndi a ma airbag, ndipo sayenera kuseŵeretsedwa. Kumasula chophimba cha m'kati mwa chitseko kumafunanso dzanja lozoloŵera. Komatu sindikunena kuti tonse tisanduke amakaniki. Ndikunena kuti munthu amene wafika kugalaja n'kunena kuti, "Bambo, rimoti ili bwino, fyuzi ili bwino, chakana ndi chitseko chakumanzere chokha," amathandiza mmisiri woona mtima, ndipo wachinyengo amasoŵa poloŵera.

Chomaliza ndicho chimene chimandidetsa nkhaŵa koposa. Pozoloŵera batani, taiŵala kiyi wachitsulo. M'marimoti ambiri muli kakiyi kobisika, koma ena sadakasololepo chigulireni galimoto, ndipo kabowo kake pachitseko kadauma ndi fumbi. Taganizani mwezi wa Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima, dzuŵa lili paliwombo, mwana ali m'kati, zitseko zakhomeka, rimoti yafa. M'galimoto yotseka kutentha kumakwera m'mphindi zochepa, ndipo thupi la mwana limatentha msanga kuposa la munthu wamkulu. Tsiku lotero si lophunzirira kumene kiyi amaloŵera. Zikafika pamenepo, swani galasi lakutali ndi mwanayo osazengereza, pakuti galasi limagulidwa.

Tsono, oŵerenga anzanga, kamodzi pamwezi tsekulani galimoto yanu ndi kiyi wachitsulo monga ankachitira makolo athu. Sungani kiyi wina kunyumba, pamalo odziŵika kwa onse a m'banja, ndipo mwana asatsale yekha m'galimoto ngakhale kwa kanthaŵi. Ndipo loko akadzakana, yambirani pa kabatire ka m'rimoti musanafike pa kamota ka m'chitseko.