KOMPYUTA SILOWA M'MALO MWA MPHUNZITSI

M'caka ca 2005, Bambo Nicholas Negroponte a ku sukulu ya maphunzilo apamwamba ya MIT ku America analengeza colinga cacikulu: kupanga kompyuta yaing'ono yonyamula m'manja, ya madola 100 okha, kuti mwana aliyense wa m'maiko osauka akhale ndi yakeyake. Bungwe lao linachedwa One Laptop per Child.

Ganizolo linali labwino, koma zinthu sizinayende monga anayembekezela. Pamene makompyutawo anayamba kupangidwa mu 2007, mtengo wake unafika pa madola 188. Cogwilila copukusa ndi dzanja, cimene cinati cizipatsa mphamvu kumene kulibe magetsi, cinasiyidwa.

Dziko la Peru linagula makompyuta mazana a zikwi ndi kuwagawa m'masukulu. Kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank m'masukulu 319 a kumidzi, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti ana anadziwadi kugwilitsa nchito makinawo, koma pa masamu ndi pa cinenelo sanapose anzao amene sanalandile. Makina anafika, koma kaphunzitsidwe sikanasinthe.

Uruguay anacita mosiyana. Kuyambila mu 2007 Boma la kumeneko linagawa makompyuta, linaika intaneti m'masukulu, linaphunzitsa aphunzitsi ndi kukonza njila yokonzela makina oonongeka. Phindu linaoneka bwino mu 2020 pamene masukulu anatsekedwa cifukwa ca mlili wa Covid-19, pakuti ana ambili anapitiliza kuphunzila ali kunyumba. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhani iyi ikhudza Zambia. Mu 2015 ana a Giledi 9 analemba mayeso a kompyuta kwa nthawi yoyamba, ndipo m'masukulu ena anayembekezela mpaka usiku cifukwa makina anali ocepa ndi magetsi osadalilika.

Motelo makolo, mafumu ndi makomiti a sukulu sayenela kungoomba m'manja pamene alendo abwela ndi mabokosi a makompyuta. Ayenela kufunsa: Kodi mphunzitsi waphunzitsidwa? Magetsi adzacokela kuti? Akaonongeka, adzakonza ndani, ndipo ndi ndalama za yani? Kodi muli maphunzilo a m'Cinyanja?

Mwana wa kumudzi ayeneladi kudziwa kompyuta monga mnzake wa ku Lusaka. Koma khasu, ngakhale likhale lakuthwa motani, sililima lokha. Ndalama ziyambe zapita kwa mphunzitsi, ku mabuku ndi ku magetsi a dzuwa, kuti kompyuta ikafika ipeze munda wosasidwa kale.