Phiri la ku Kitwe ndi Njira Zoyendamo

Munthu wocokera ku Chipata akafika ku Kitwe amayamba waunguza uku ndi uku kufuna phiri. Kwao anazolowera Kanjala, limene mwana wasukulu angathe kukwera pa Ciweru ndi kubwera dzuwa likali m'mwamba. Kuno ku Migodi phiri limene maso ake adzapeza ndi Black Mountain, pafupi ndi komboni ya Wusakile.

Ilitu si phiri lolengedwa. Ndi mulu wa zotsala za ng'anjo yosungunulira mkuwa ya ku Nkana, zimene zinayamba kutayidwa pamenepo m'zaka za m'ma 1930. Tinjira take nta anyamata okumba miyala yogulitsa, ndipo mu June 2018 mbali ina inagumuka ndi kupha anthu osacepera 10. Kodi kholo liti lingapite ndi ana ake kumeneko kukapitidwa mphepo?

Komatu munthu amene wakhala pansi pa mgodi mlungu wathunthu afunika malo oongolako miyendo. Malowo alipo. Kupitirira Kalulushi kuli Chembe, kosungirako mbalame, kumene munthu ayenda mozungulira madzi m'mithunzi ya misuku ndi mitondo. Kum'mawa kwa Ndola kuli nyanja yaing'ono ya Chilengwa, yokhala m'dzenje lakuya. Kumadzulo kuli malo amene ndege ya Dag Hammarskjöld inagwera mu September 1961, ndipo culu cimene anapezapo mtembo wake cikalipo.

Vuto ndi lakuti malo otere alibe mwini wowalankhulira. Nkhwangwa ya wootcha makala siona cikwangwani, ndipo madambo a m'matauni akudulidwa mapuloti usiku ndi usana. Anzathu a ku Blantyre anaona phiri la Ndirande likumetedwa mpala m'zaka za m'ma 1990, iwo ali cipenyere.

Ena adzati mimba ndiyo iyamba, kuyenda m'thengo nkwa okhuta. Zoona, njala ilipo. Koma nanga wosauka, amene sangalipire ulendo wa ku Livingstone, adzapumulira kuti?

Cotero tipempha makhonsolo a Kitwe, Ndola ndi Kalulushi kuti agwirizane ndi mafumu ndi a zankhalango, aike malire oonekera, alambule njira, ndi kulemba alonda pakati pa anyamata omwe aja okumba pa Black Mountain. Basi imodzi ya pa Sondo yopita ku Chembe ingakhale poyambira.