AKUBA MAFILIMU NDI ALONDA A PACHIPATA KU CHINA

Mu February chaka cha 2021 apolisi a mumzinda wa Shanghai adalengeza kuti agwira anthu 14 amene ankayendetsa gulu lotchedwa Renren Yingshi. Kwa zaka zoposa khumi gulu limeneli linali lotchuka m'dziko lonse la China kaamba ka ntchito imodzi: kutenga mafilimu ndi masewero a pakanema ochokera ku America, Britain ndi maiko ena, kulemba mau a Chitchaina m'munsi mwa zithunzi, ndi kuwagawa pa intaneti popanda chilolezo cha eni ake. Mu November chaka chomwecho bwalo la milandu lidalamula mtsogoleri wa gululo, Liang Yongping, kukakhala kundende zaka zitatu ndi theka. Mlanduwo sunali wa ndale ayi; unali wakuba luso la ena, ndipo malinga ndi lamulo munthuyo adalakwadi. Komabe achinyamata ambiri adadandaula pa intaneti ngati kuti pagwa maliro, pakuti zambiri zimene gululo linkagawa zinali zosapezeka kwina kulikonse m'dzikomo, ngakhale kwa munthu wofuna kulipira.

Nkhani zotere ndizo zimazunguza mitu ya akatswiri amene amafufuza malamulo a ku China okhudza zofalitsa nkhani, umwini wa zaluso ndi intaneti. Mmodzi wa iwo ndi Dr Rogier Creemers, amene adaphunzira za China pa yunivesite ya Leuven ku Belgium, nalandira digiri ya udokotala ku Maastricht m'chaka cha 2012, nakagwira ntchito ku Oxford asanakakhazikike ku Leiden m'dziko la Netherlands. Iye adayamba ndi funso looneka laling'ono: nchifukwa chiyani mafilimu obedwa anali mbwee m'misewu ya ku China pamene lamulo loletsa linalipo? Funsolo lidamutsogolera ku malamulo osefa nkhani, kenaka ku ulamuliro wonse wa intaneti. Ulendo wotere suchitika mwangozi. Ku China munthu akakoka chingwe cha umwini wa zaluso, posakhalitsa amaona kuti mbali ina ya chingwecho yamangidwa pa chipata cha Boma.

Zimenezi sizidayambe dzulo. Prof William Alford wa ku Harvard adaonetsa m'buku lake la 1995 kuti malamulo a mafumu akale oletsa kusindikiza mabuku mwachisawawa ankateteza mpando wa mfumu koposa thumba la mlembi. Lamulo loyamba lenileni la umwini lidadza m'chaka cha 1910, koma ufumu wa Qing umene udalilemba udagwa patangopita nthawi yochepa. Chipani cha Chikomyunizimu chitatenga Boma mu 1949, mlembi adasanduka wantchito wa dziko, ndipo m'zaka za chipwirikiti za 1966 mpaka 1976 ngakhale malipiro a mabuku adathetsedwa. Lamulo limene likugwira ntchito lero lidavomerezedwa mu September 1990, nkuyamba kugwira ntchito pa 1 June 1991. Chaka chotsatira China idalowa m'pangano la Berne loteteza alembi a maiko onse. Kunena zoona, amene ankakankha kwambiri sanali alembi a ku China, koma Boma la America, limene mu 1992, 1995 ndi 1996 lidaopseza kuti likweza misonkho pa katundu wa ku China ngati kuba nyimbo, mafilimu ndi mapulogalamu a kompyuta sikuchepa.

Tsono lamulo la 1990 lija linali ndi ndime imodzi imene iyenera kuonedwa modekha, ndiyo ndime yachinayi. Ndimeyo inkanena kuti ntchito iliyonse imene malamulo aletsa kuisindikiza kapena kuifalitsa sidzatetezedwa. Tanthauzo lake linali lakuti filimu ikakanidwa ndi osefa a Boma, mwini wake ankataya zinthu ziwiri pa tsiku limodzi: msika, ndiponso mphamvu yokasuma wakuba pa mlandu wa umwini. Pamwamba pa izi panali malire a chiwerengero. Mu 1994 Boma lidalola mafilimu akunja 10 okha pa chaka kuonetsedwa m'nyumba za kanema mogawana phindu ndi eni ake, ndipo yoyamba inali The Fugitive. China italowa m'bungwe la zamalonda la WTO mu December 2001, chiwerengerocho chidakwera kufika pa 20. Mafilimu 20 m'dziko la anthu oposa biliyoni imodzi! Mafilimu ena ambiri, mazanamazana, anthu ankawamvera mbiri chabe.

Apa ndiye pagona mfundo ya kafukufuku wa Creemers. Mwachizolowezi anthu ankati kuba luso ku China nchikhalidwe, kapena umphawi, kapena ulesi wa apolisi. Iye adaonetsa kuti gawo lalikulu la vutolo lidabadwa pachipata pomwepo. Boma likachepetsa zolowa, kuchedwetsa zina ndi kudula zina, njala ya oonera siitha ayi. Imangofuna njira ina. Wogulitsa madisiki pansi pa mlatho ankapereka chimene sitolo yovomerezeka sinkaloledwa kupereka: filimu yathunthu, yosadulidwa, yofika pa nthawi yake. Makampani a ku Hollywood ankadandaula kuti akuberedwa, ndipo sankanama, koma ambiri a mafilimu ao sakadagulitsidwa m'dzikomo ngakhale wakuba aliyense akadamangidwa.

Mu April 2007 America idakasuma China ku WTO pa milandu iwiri. Pa mlandu woyamba, oweruza adagamula mu January 2009 kuti ndime yachinayi ija ikutsutsana ndi mapangano amene China idasayina. Pa wachiwiri, chigamulo cha chaka chomwecho chidati China idalakwa polola makampani a Boma okha kulowetsa mabuku, nyimbo ndi mafilimu akunja. Ambiri adati America yapambana. Koma wowerenga zigamulozo mofatsa aona kuti mphamvu ya Boma yosefa zolowa sidakhudzidwe mpang'ono pomwe. Mu February 2010 Nyumba ya Malamulo idafafaniza mau otsutsidwa aja, nkulembapo ena onena kuti Boma lidzayang'anira kusindikiza ndi kufalitsa kwa ntchito zonse. Mu February 2012, pamene Xi Jinping, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa Pulezidenti, adakacheza ku America, mbali ziwirizo zidagwirizana kuonjezera mafilimu 14 kuti akhale 34, ndi kukweza gawo la eni mafilimu kuchoka pa 13 kufika pa 25 pa 100 iliyonse. Chipata chidakuzidwa pang'ono, mlonda adakhala yemweyo.

Kusintha kwenikweni kudachokera m'nyumba momwemo, paja akulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Makampani a ku China monga Tencent, Youku ndi iQiyi atayamba kulipira ndalama zambiri pogula mafilimu ndi nyimbo, iwo eni adasanduka odandaula. Mu 2014 kampani ya QVOD ya ku Shenzhen, imene pulogalamu yake inkagwiritsidwa ntchito ndi anthu miyandamiyanda poonera mafilimu obedwa, idalipitsidwa chindapusa cha ma yuan 260 miliyoni pa nkhani ya umwini. Mu 2016 mkulu wake, Wang Xin, adalamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu ndi theka, koma pa mlandu wina, wofalitsa zolaula. Mbuzi imodzi idamangidwa ndi zingwe ziwiri. Mu July 2015 bungwe la Boma loona za umwini lidalamula makampani onse a nyimbo pa intaneti kuchotsa zopanda chilolezo, ndipo nyimbo zoposa 2 miliyoni zidachotsedwa. Lamulo litakonzedwanso mu 2020, chipukutamisozi chachikulu chimene woweruza angathe kulamula pamene kuluza kwa wodandaula sikukudziwika bwino chidakwera kuchoka pa ma yuan 500,000 kufika pa 5 miliyoni, kuyambira pa 1 June 2021.

Woimba ndi mlembi wa ku China adapindula ndi zimenezi, ndipo palibe chifukwa chobisira. Anthu amene kale sankalota zolipira nyimbo tsopano amalipira mwezi ndi mwezi. Mabwalo a milandu ya pa intaneti adatsegulidwa ku Hangzhou mu 2017, ndi ku Beijing ndi Guangzhou mu 2018, ndipo m'zaka zoyambirira milandu ya umwini inali yambiri m'mabwalowo. Koma phindu lomwelo lidatseka mpata umene oonera ankazembera. Kuyambira mu 2015 masewero akunja oonetsedwa pa intaneti adayenera kuyamba aperekedwa ku Boma, zigawo zonse pamodzi, kuti aunikidwe. Mu January 2022 oonera adadabwa kupeza kuti filimu yakale ya Fight Club yaikidwa pa Tencent mathero ake atadulidwa, m'malo mwake mutalembedwa mau onena kuti apolisi adagwira zigawenga zonse. Anthu ataseka ndi kudandaula, mbali yaikulu ya matherowo idabwezeretsedwa. Amene adazindikira msanga kuti padulidwa anali aja adaionera kale kudzera mwa akuba.

Chinthu chimene chidaonetsa poyera ubale wa mbali ziwirizi chidachitika mu March 2018, pamene nthambi za Boma zidakonzedwanso. Bungwe loona za umwini, loona za mabuku ndi manyuzipepala, ndiponso loona za mafilimu, onse adaikidwa mwachindunji pansi pa nthambi ya Chipani yoona za mabodza ndi zoona zimene anthu ayenera kumva, imene m'Chingerezi imatchedwa Central Propaganda Department. Motero ofesi imene imateteza mlembi kwa wakuba ili pansi pa denga limodzi ndi ofesi imene imasankha ngati mlembiyo asindikizidwe.

Nchifukwa chake wofufuza nkhanizi sangathe kuima pa lamulo limodzi. Chodabwitsa nchakuti China ilibe lamulo la atolankhani. Lidayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1980 motsogozedwa ndi Hu Jiwei, amene adakhalapo mkonzi wamkulu wa People's Daily, koma lidasiyidwa zitachitika zoopsa za pabwalo la Tiananmen mu 1989. Ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko a 1982 imatchula ufulu wolankhula ndi kusindikiza, koma palibe bwalo limene nzika ingakasumireko Boma pogwiritsa ntchito ndimeyo. Zimene zimalamulira tsiku ndi tsiku ndi malangizo a nduna, zikalata za Chipani ndi zidziwitso za mabungwe. China idalumikizidwa kwathunthu ku intaneti mu April 1994; pofika 1996 Boma linali litalamula kuti zonse zopita kunja zidzere pa zipata zake; mu 2000 lidatchula mitundu 9 ya nkhani zoletsedwa, nkuika udindo wozichotsa pa makampani eni ake. Facebook, Twitter ndi YouTube zidatsekedwa mu 2009, ndipo Google idasamutsira ntchito yake yofufuzira ku Hong Kong mu 2010. Mu 2013 bwalo lalikulu pamodzi ndi ofesi ya woimira Boma pa milandu adalengeza kuti mau oipitsa mbiri ya munthu akawerengedwa maulendo 5,000 kapena kutumizidwa maulendo 500, wolembayo atha kumangidwa mpaka zaka zitatu. Lamulo la chitetezo cha pa intaneti lidayamba kugwira ntchito mu June 2017.

Ntchito yaikulu ya Creemers ndi anzake, makamaka m'gulu la DigiChina limene adathandiza kuyambitsa, yakhala yotopetsa ndi yopanda ulemerero: kumasulira zikalata zimenezi chimodzichimodzi kuti otsutsana azitsutsana pa mau amene adalembedwadi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kudekha kumeneku kudawongola zolakwa zina zimene zidafala ku Europe ndi America. Mwachitsanzo, kafukufuku wake wa 2018 adaonetsa kuti panalibe makina amodzi opatsa nzika iliyonse malikisi a khalidwe monga ambiri ankanenera. Panali mindandanda yosiyanasiyana ya olakwa, monga okana kumvera zigamulo za makhoti, ndi zoyesayesa za mizinda ina. Kudaonetsanso kuti si lamulo lililonse la intaneti limene cholinga chake nkutseka pakamwa. Lamulo loteteza mbiri ya munthu aliyense, limene lidayamba mu November 2021, limamanga manja makampani zedi, ndipo mu July 2022 kampani ya matakisi ya Didi idalipitsidwa ma yuan oposa 8 biliyoni pa nkhani za mtundu umenewu. Chofooka chake nchakuti lamulo lomanga makampani silimanga Chipani mofanana.

Maiko a mu Africa ali ndi chifukwa chowerengera zimenezi mosamala. Pa msonkhano wa ku Wuzhen mu December 2015, Xi Jinping adalalikira kuti dziko lililonse lili ndi ufulu wolamulira intaneti ya m'malire ake, ndipo uthengawo udakomera maboma ambiri. Malawi, amene adapanga ubale ndi China kumapeto kwa 2007, adayala nthambo zake zina za intaneti mothandizidwa ndi kampani ya Huawei ndi ngongole ya ku China. Nthambo sizibwera ndi malamulo m'thumba, komabe wolemba malamulo amaonera kwa amene ali naye pafupi.

Pakali pano ntchito yofufuzayo yayamba kuvuta. Mu August 2017 Cambridge University Press idabisa nkhani zoposa 300 za magazini ya China Quarterly kwa owerenga a ku China itapemphedwa kutero, nkuzibwezeretsa patapita masiku ochepa ophunzira atakwiya. Mu March 2021 Boma la China lidaika chiletso pa bungwe lofufuza la MERICS la ku Berlin pamodzi ndi akatswiri ena. Zigamulo za makhoti, zimene kuyambira 2013 zinkaikidwa poyera mamiliyoni ambiri, zidayamba kuchotsedwa zina mu 2021, ndipo mu April 2023 nkhokwe ya zolemba za maphunziro ya CNKI idachepetsa zimene mayunivesite akunja angathe kuwerenga. Koma womasulira wokhala ku Leiden amataya zikalata chabe. Gao Yu, mtolankhani wachikulire wa ku Beijing, adalamulidwa mu 2015 kukakhala kundende zaka 7 pomuganizira kuti adatumiza kunja chikalata chachinsinsi cha Chipani cha 2013, chodziwika ndi nambala 9, chimene mwa zina chidachenjeza akuluakulu za kuopsa kwa utolankhani wa maiko a kumadzulo. Atachita apilo chilangocho chidatsitsidwa kufika pa zaka 5, ndipo adaloledwa kukachigwirira kunja kwa ndende chifukwa cha matenda.