"Mpaka" ndi "unlimited": mawu awiri amene akutidyera mpamba

Sabata simatha wina asanafunse m'gulu muno kuti, "Abale, ndikufuna kuika intaneti kunyumba, kampani yabwino ndi iti?" Mayankho amagwa ngati mvula. Uyu akuti iyi, uyo akuti iyo, ena akumalizitsa ndi "inbox ndikuthandizeni". Wofunsayo sananene ngati amakhala ku Ndirande, ku Chipata kapena ku Tembisa, sananene ngati nyumba yake ili m'chigwa kapena pamtunda, koma anthu akumuyankha motsimikiza ngati anagonako dzulo. Ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri a "inbox" aja ndi maajenti amene amadya komishoni pa rauta iliyonse imene yatuluka. Kugulitsa si mlandu, tonsefe ndife a geni. Chimene tikukana ndi munthu kubwera ngati mlangizi pamene m'thumba muli buku la malisiti.

Kwa ife intaneti si yoonera mpira ndi mafilimu chabe. Wogulitsa wa ku Kariakoo amatumiza kavidiyo ka nsapato zimene zangofika, ndipo amene wayankha msanga ndiye watenga. Kasitomala wa ku Mzuzu amafuna aone zitenje pa video call asanatumize ndalama. Dalaivala wa thiraki akachoka pa Beitbridge timafuna kudziwa kuti afika liti pa Nyamapanda, awoloka liti Tete, kuti tikamudikire pa Mwanza. Mtengo wa randi umasintha tili m'tulo. Netiweki ikafa ola limodzi pa nthawi yolakwika, oda yapita kwa wina. Nanga bwanji chinthu chonyamula mpamba wathu timachigula mongomvera, pamene bhelo la kaunjika sitilipira tisanalikweze ndi kulinunkhiza?

Tiyambe ndi kamawu kakang'ono kamene kamakhala patsogolo pa nambala yaikulu ija ya pachikwangwani: "up to", kutanthauza "mpaka". Akalemba kuti mpaka 20 Mbps, sanakulonjezeni 20. Akuuzani malire amene simudzapitirira. Mukalandira 2 sananame, chifukwa 2 ili m'kati mwa "mpaka 20". Tayerekezani ife tikugulitsa mpunga wa Kilombero thumba lolembedwa kuti "mpaka 50 kg", m'kati muli 12. A Malawi Bureau of Standards amene amayendera masikelo sangafike n'komwe, amayi a pamsika angakhale atatithana nazo kale. Koma pa intaneti tazolowera, timangoti "lero netiweki yavuta" n'kukagulanso bandulo ina.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Rauta ya SIM khadi, kaya ndi ya 4G kapena 5G, imamwa pa nsanja imodzi ndi mafoni onse a m'dera lanu. Ili ngati mpopi wa pa kiyosiki. M'mawa anthu ali kuntchito ndi kusukulu madzi amatuluka mwamphamvu. Kuyambira cha m'ma 7 madzulo, aliyense ali pa TikTok ndi YouTube, amangodontha. Ajenti amakuonetsani liwiro masana, m'tauni, nsanja ikuoneka pawindo la shopu. Inu mukayatsa rautayo kunyumba ya malata kuseri kwa phiri, nthawi imene makasitomala anu aweruka ndipo akufuna kuona katundu. Ndi rauta yomweyo, SIM yomweyo, koma zimene munaona m'shopu zija simudzazionanso.

Palinso chinyengo china chimene ambiri sitichiona chifukwa zilembo zake zimafanana. Liwiro amalilemba mu Mbps, koma zithunzi ndi mavidiyo athu amayezedwa mu MB, ndipo MB imodzi ndi ma megabit 8. Choncho laini ya 10 Mbps ikamayenda bwinobwino imakoka 1.25 MB pa sekondi, osati 10. Ndipo nambala ya pachikwangwani ndi ya download, yolandirira. Ife a malonda ntchito yathu yaikulu ndi yotumiza: kukweza zithunzi, kuika mavidiyo pa status, kuchita live pa Facebook titatsegula katoni. Zimenezo zimayenda pa upload, nambala imene amaibisa pansi kapena saitchula n'komwe. Vidiyo ya 100 MB pa upload ya 10 Mbps imapita m'masekondi 80. Pa upload ya 1 Mbps imatenga mphindi zoposa 13, ndiye kuti isaduke panjira. Amene anachitapo live nkhope ikuuma pasikirini, makasitomala akutuluka mmodzimmodzi, akudziwa kuti mphindi zimenezi ndi ndalama zingati.

Tsono "unlimited". Mawu amenewa pa intaneti ya SIM khadi kawirikawiri amayenda ndi mnzake wotchedwa fair usage policy, wolembedwa m'tizilembo tofuna magalasi. Tanthauzo lake ndi lakuti mukafika pa mlingo wina wa ma GB, sakudulani, koma amakufinyani pakhosi mpaka chithunzi chimodzi chizitenga nthawi yophikira ndiwo. Mwalamulo akadali "unlimited" chifukwa laini sinatsekedwe. Enafe tinagulapo phukusi lotere ku kampani ina, mwezi usanafike pakati liwiro linagwa, ndipo titapita kukafunsa anatitembenuzira pepala n'kutilozera mzere wa pansi penipeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa amene sangakuuzeni nambala ziwiri izi, ma GB amene amayambira kufinya ndi liwiro limene limatsala akafinya, musiyireni rauta yake.

Apa mabungwe oyang'anira nawonso sitiwasiya. Kuli MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia, INCM ku Mozambique, POTRAZ ku Zimbabwe, TCRA ku Tanzania, ICASA ku South Africa. Anthu akafuula zinthu zimasuntha. Ku South Africa, pambuyo pa phokoso la #DataMustFall, mu 2019 munayamba kugwira ntchito malamulo okakamiza makampani kulola kasitomala kusamutsira data yotsala mtsogolo komanso oletsa kumudya mayunitsi bandulo ikatha iye asanavomereze. Sizinagwe kumwamba, anthu anachita kulimbana nazo. Ife chimene tikufuna n'chochepa: pambali pa "mpaka" pazilembedwanso liwiro lotsikitsitsa limene munthu angayembekezere madzulo, m'zilembo zofanana kukula. Koma bungwe silingatsate dandaulo limene linathera m'makomenti a gulu lino. Likufuna kalata kapena imelo, tsiku, nthawi ndi chithunzi cha sikirini.

Wina anena kuti, "Ndiye ingogulani ma SIM awiri a makampani osiyana, ina ikafa ina igwira." Ndi nzeru ndithu, ndipo ambirife timatero, Airtel ndi TNM, MTN ndi Zamtel, Vodacom ndi Movitel. Zimathandiza nsanja imodzi ikadzaza kapena ikazima. Koma tisaiwale kumene intaneti yathu imachokera. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe alibe gombe la nyanja yamchere. Zonse zimene timatumiza kunja zimayenda pa zingwe za pamtunda kukafika ku madoko ngati Dar es Salaam ndi Maputo, kumene zimalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy. Pa 12 May 2024 zingwe ziwirizi zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo Tanzania, Malawi ndi Mozambique zinavutika masiku angapo. Tsiku ngati limenelo mutha kukhala ndi ma SIM anayi m'chikwama, onse akukokera pa chingwe chimodzi chodukacho. Kudula kwa data kwathu kuno nakonso mbali ina kumachokera pa mtunda umenewu, ngakhale makampani asamabisale kumbuyo kwa chifukwa chimenechi zaka zonse.

Ndiye pabwera a mpingo wa Starlink, amene funso lililonse yankho lawo ndi limodzi. Tivomereze, mbale ija yasintha zinthu. Inayamba kugwira ntchito ku Mozambique, Malawi ndi Zambia mu 2023, ku Zimbabwe mu 2024. Kwa munthu wa shopu pa boda kapena kumudzi kumene foni imagwira pachulu pokha, palibenso china chofanana nayo. Koma kuuza mayi wogulitsa mafuta odzola ndi mawigi m'chipinda cha lendi ku Kawale kuti agule Starlink ndi kumulanda mpamba. Zipangizo zake ndi zochokera kunja, mtengo wake umatsata dola, ndipo tonse tikukumbuka kuti kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Mbaleyo imafuna thambo loonekera popanda mitengo kapena khoma lotchinga, imadya magetsi kuposa rauta wamba kutalitali, ndipo mvula yamphamvu imaisokoneza. Nayonso imadzaza. Chakumapeto kwa 2024 anthu a ku Harare ndi Nairobi ankapeza kuti malo olembetsa atsopano atha chifukwa ogwiritsa ntchito anachuluka m'dera limodzi. Vuto la mpopi wa pa kiyosiki lija lilinso mlengalenga.

Choopsa kwambiri ndi malangizo amene tawaona akuzungulira akuti tizigula mbalezi kuno n'kukagulitsa ku Joni chifukwa kumeneko zikusowa. Zikusowa chifukwa Starlink sinapatsidwe chiphaso ku South Africa, ndipo ICASA inachenjeza mu 2023 kuti kugulitsa kapena kugwiritsa ntchito zipangizozo m'dzikomo ndi kuphwanya lamulo. Amene akukulimbikitsaniyo sadzakhalapo katundu wanu akadzagwidwa pa Beitbridge. Munthu wanzeru zake sanyamula katundu wa ndalama zochuluka chotero kupita naye kudziko kumene alibe chilolezo, chifukwa choti mlendo wa pa Facebook wati pali phindu.

Kwa abale athu okhala ku Joni ndi Cape Town nkhani ndi ina, chifukwa kumeneko faiba yafika m'madera ambiri, ngakhale m'malokeshoni ena. Faiba ndi yabwino, sigawana mphepo ndi mafoni a m'dera lonse ndipo upload yake imakhala yooneka. Dziwani kuti mwini chingwe, monga Vumatel kapena Openserve, nthawi zambiri ndi wosiyana ndi kampani imene imakugulitsani intaneti ndi kukudulani ndalama. Choncho funso loyamba si lakuti kampani yabwino ndi iti, koma lakuti pa adiresi yanu padutsa chingwe cha ndani. Msewu uno chilipo, wotsatira palibe. Msampha uli pa kontirakiti. Akakuuzani kuti rauta ndi yaulere, kulumikiza n'kwaulere, funsani kuti mukasiya pakatha miyezi itatu mulipira zingati, chifukwa zaulerezo zimabwerera pa bilu yomaliza. Ife ndife anthu a panjira. Masabata atatu tili kuno, mwezi tili kumudzi, landilodi akakweza lendi tasamuka. Kontirakiti ya miyezi 24 imadula ku akaunti ngakhale inu muli pamzere pa Mwami kapena pa Songwe. Tengani ya mwezi ndi mwezi kapena yolipiriratu, ngakhale ioneke yodulirapo pang'ono.

Magetsi tingowatchula mwachidule poti palibe amene sakuwadziwa. A ku Zambia anaona mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, kuti tsiku limatha magetsi atayaka maola owerengeka. Faiba yothamanga bwanji, rauta ikazima yatha. Kabatire kosungira moto wa rauta kapena kasola kakang'ono muziwerengere pa mtengo wa intaneti kuyambira tsiku loyamba. Ndipo kuzima kukatalika nsanja nazo mabatire ake amatha.

Nanga munthu asankhe bwanji? Ayese m'nyumba mwake asanalipire. SIM ndi yotchipa, gulani ya kampani imene mukuiganizira, ikani kabandulo kakang'ono, tsegulani Speedtest kapena fast.com muli pamalo pamene rauta izidzakhala. Yesani m'mawa, yesani cha m'ma 8 usiku, yesani Loweruka, kwa masiku atatu kapena anayi. Yang'anani upload, osangoti download. Kenako tumizani vidiyo yeniyeni ya katundu kwa mnzanu muone nthawi imene itenge, chifukwa ntchito yake ndi imeneyo. Funsani a nyumba yoyandikana nanu amene ali kale ndi rauta, iwowo sadya komishoni. Pogula rauta kapena MiFi funsani ngati ili yokhoma ku netiweki imodzi. Yokhoma imatchipa pogula, koma mukawoloka boda kapena kampaniyo ikayamba kuvuta m'dera lanu, imasanduka chokongoletsera pa kabati. Yosakhoma mumangosintha SIM, ku Lusaka iyi, ku Tete iyo, ku Dar ina, malinga mwailembetsa ndi pasipoti monga malamulo a dzikolo akunenera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, liwiro limene mwaliyeza nokha pakhomo panu ndi lokhalo limene mungaliwerengere.

Pempho lathu kwa ma admin ndi ili. Wofunsa za intaneti azitchula dziko, tauni ndi dera. Woyankha azinena kumene ali, ndipo ngati akuyamikira kampani aziika chithunzi cha Speedtest choonetsa nthawi, makamaka ya madzulo, osati ya 3 koloko m'bandakucha aliyense ali m'tulo. Ajenti aziyamba ndi kunena kuti ndi ajenti, mtengo ndi malire a "unlimited" wake azilemba poyera pomwe pano kuti tonse tiwerenge. Komenti ya "inbox" yopanda zimenezi izichotsedwa, monga momwe timachotsera za osintha ndalama amene sitikuwadziwa.