Malungo a mu ubongo: zimene kafukufuku wa ku Blantyre akukuuzani inu wosamalira mwana

Ngati munagonapo m'chipatala kudikirira mwana wodwala malungo, mukudziwa mmene zinthu zimasinthira mwadzidzidzi. Mwana amene dzana ankasewera pabwalo, thupi likungofunda pang'ono, lero wakomoka, maso atembenuka, ndipo mukamuitana sakuyankha. Nthawi zambiri amenewa amakhala malungo a mu ubongo. Mwa ana 100 alionse amene amagonekedwa nawo m'chipatala, pafupifupi 15 kapena 20 amamwalira ngakhale alandire mankhwala abwino.

Nkhaniyi ndi yofunika kuikambanso tsopano. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2023 malungo anapha anthu pafupifupi 597,000, ndipo 95 mwa 100 alionse anali a muno mu Africa, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka 5. Katemera wa malungo wafika m'mayiko athu, zimene ndi zosangalatsa. Koma kumayambiriro kwa 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali m'gulu la mayiko amene ankalandira maneti, zipangizo zoyezera magazi ndi mankhwala kudzera m'thandizo limenelo. Zinthu zikakhala chonchi, zimene inu mukudziwa ndiponso liwiro lanu zimakhala ndi mphamvu yaikulu pa moyo wa mwana.

Dokotala amene anafunsa chimene chimapha anawa

Zambiri zimene madokotala amadziwa lero za nthendayi zinapezeka pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Dr. Terrie Taylor, wa ku yunivesite ya Michigan State ku America, anayamba ntchito ku Malawi m'chaka cha 1986, ndipo pamodzi ndi Pulofesa Malcolm Molyneux, amene anamwalira mu 2021, anakhazikitsa kafukufuku wa malungo a ana pachipatalapo. Kwa zaka zoposa 30, iye ndi madokotala komanso anamwino a ku Malawi akhala akufunafuna yankho la funso limodzi: kodi n'chiyani kwenikweni chimapha mwana wokomoka ndi malungo?

Choyamba anafunika njira yodziwira kukula kwa chikomokere mwa mwana amene sanayambe kulankhula. Mu 1989 anasindikiza muyeso wotchedwa Blantyre Coma Score, umene ukugwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri mpaka lero. Namwino amaona zinthu zitatu: ngati maso a mwana akutsata nkhope ya mayi ake, mmene akulirira, ndiponso mmene akusunthira akatsinidwa. Mwana amene ali bwinobwino amapeza 5. Amene wapeza 2 kapena kucheperapo ali chikomokere. Choncho mukaona namwino akudinikiza chikhadabo cha mwana wanu kapena pachifuwa pake mobwerezabwereza, musaganize kuti ndi nkhanza. Akuyeza ngati ubongo ukudzuka kapena ukumirabe.

Si mwana aliyense wokomoka amene wagwidwa ndi malungo

Tizirombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo maselowo amayamba kumatirira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo. Kuti atsimikize zimenezi, ofufuzawo anapempha makolo ofedwa kuti alole matupi a ana awo apimidwe. Sizinali zapafupi kuvomera pa nthawi ya maliro, koma mabanja ena analola, ndipo tonsefe tikupindula ndi mtima wawowo.

Zotsatira zake zinatuluka mu 2004 ndipo zinadabwitsa ambiri. Mwa ana 31 amene aliyense ankati anafa ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atafa ndi matenda ena. Tizirombo tinalimodi m'magazi mwawo, koma si timene tinawakomola. Kwathu kuno ana ambiri amayenda ndi tizirombo ta malungo m'magazi osadwala, motero kupezeka nato sikutseka nkhani.

Ofufuzawo anapezanso kuti diso limaulula zimene zikuchitika mu ubongo. Dokotala wa maso, Dr. Susan Lewallen, anaonetsa ku Blantyre komweko kuti kunsi kwa diso la mwana wodwaladi malungo a mu ubongo kumaoneka timadontho toyera, mitsempha yosintha mtundu ndi timagazi totayika. N'chifukwa chake m'zipatala zina dokotala amathira mankhwala m'maso mwa mwana wokomoka n'kuwaunika ndi kachipangizo kowala.

Phunziro lake kwa inu ndi ili. Achipatala akakupemphani kuti atenge madzi a pamsana pa mwana, ngakhale magazi aonetsa malungo, akufuna kudziwa ngati palibenso matenda oumitsa khosi, amene zizindikiro zake zimafanana ndi za malungo koma mankhwala ake ndi ena. Anthu ambiri amaopa kuti kuchotsa madziwo kumapha kapena kulumalitsa mwana. Chimene chimachitika n'chakuti ana opimidwa motero amakhala atadwalika kale, ndipo wina akamwalira, mlandu umagwera jakisoni m'malo mwa nthenda. Funsani dokotala akufotokozereni bwino musanakane. Iye amayamba waona ngati mwanayo angathe kupirira kupimako.

Kutupa kwa ubongo

Yankho la funso lalikulu lija linadza makina ounikira m'kati mwa mutu otchedwa MRI ataikidwa pachipatalapo mu 2008. Dr. Taylor, Dr. Karl Seydel ndi anzawo anaunika ana 168 amene maso awo anatsimikiza kuti akudwaladi malungo a mu ubongo, ndipo anasindikiza zotsatira zake mu 2015. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anachira, 39 okha ndiwo anali ndi kutupa kotero.

Chigaza sichifutukuka. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, ndipo umakanikiza tsinde lake, pamene pali mbali yoyendetsa kupuma. Mwana amangosiya kupuma, mtima ukugundabe. Koma panapezekanso chinthu cholimbitsa mtima: mwa ana amene anapulumuka, kutupako kunaphwa pakapita masiku ochepa. Izi zinachititsa ofufuzawo kuyamba kuyesa njira zothandiza mwana kupuma ndi makina ndiponso zochepetsa kutupako, kuti adutse maola oopsawo.

Makina otere kulibe m'zipatala zambiri za m'maboma, ndipo sitingayembekezere kuti afika mawa. Chimene chili m'manja mwanu ndi nthawi. Ana ambiri amene amamwalira ndi nthendayi amamwalira pa tsiku loyamba kapena lachiwiri chigonekedwere, kawirikawiri mankhwala asanapeze mpata wogwira ntchito. Tsiku limene mwataya mukuyesa panado wa pagolosale, kapena mukudikira kuti bambo abwere adzapereke chilolezo, ndi tsiku limene tizirombo tikuchulukana.

Zoyenera kuchita

Mwana akatentha thupi, mukamuyezetse magazi pasanathe maola 24, ndipo akapatsidwa mankhwala a LA kapena Coartem, amwe onse kwa masiku atatu ngakhale aoneke kuti wachira.

Thamangirani kuchipatala, usana kapena usiku, mukaona chimodzi mwa izi: kukomoka kapena kuphupha, kugona kosadzutsika, kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, kulephera kukhala tsonga, kupuma mobanika, kapena kuyera kwa zikhatho.

Mwana akamaphupha, mugonekeni cham'mbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse madzi kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamufukize utsi. Ngati chipatala chachikulu chili kutali, pitani kaye kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala chaching'ono. M'madera ena ana aang'ono amapatsidwa mankhwala a artesunate olowetsa kumalo ochitira chimbudzi. Amenewa amangogwiriziza mwana panjira, ndipo ulendo wa kuchipatala chachikulu uyenera kupitirira. Kumeneko amalandira jakisoni wa artesunate, amene kafukufuku wa mu 2010 m'mayiko 9 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, anaonetsa kuti amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini.

Kutuluka m'chipatala si mapeto

Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Dr. Gretchen Birbeck, katswiri wa matenda a ubongo amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Zambia ndi ku Malawi, anatsata ana 132 a ku Blantyre amene anachira malungo a mu ubongo. Mu 2010 anafotokoza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anadzakhala ndi vuto la ubongo, ndipo ana 12 anadzayamba kudwala khunyu. Ena anafooka miyendo kapena manja, ena anavutika kulankhula, ena khalidwe linasintha: kulusa, kusakhazikika, kusamva zonena za makolo. Mavuto ena anaoneka patapita miyezi, banja litaiwala kale za kuchipatala.

Choncho sungani bwino buku la kuchipatala la mwanayo, ndipo mupite naye pa masiku amene anakuuzani. Mukaona kuti akugwa, akungoti tong'oo kwa kanthawi osayankha, sakumva bwino, kapena wabwerera m'mbuyo kusukulu, kanenani ndipo mutchule kuti anadwalapo malungo a mu ubongo. Uzaninso aphunzitsi ake. Mwana wotero sanalodzedwe ndipo sakuchita dala, kotero chikwapu sichingamuchize. Khunyu sapatsirana, ngakhale mutakhudza malovu a wodwalayo, ndipo anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse amene ali nalo angathe kusiya kugwa akamamwa mankhwala oyenera tsiku ndi tsiku. Mutetezeni ku moto ndi kumadzi, koma musamuchotse sukulu.

Katemera ndi neti

Malawi ndi dziko loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo, mu April 2019, motsatiridwa ndi Ghana ndi Kenya. M'madera amene anaperekedwa, imfa za ana a msinkhu wolandira katemerayu zinatsika ndi 13 pa 100 zilizonse. Mwana amafunika kubayidwa kanayi, kuyambira ali ndi miyezi 5 kapena 6 malinga ndi dziko, ndipo jakisoni wachinayi, amene amabwera patapita nthawi yaitali, ndi amene makolo ambiri amaiwala. Funsani kusikelo ngati katemerayu wafika m'boma lanu.

Katemerayu amachepetsa malungo aakulu, koma sawathetsa. Mwana wobayidwa azigonabe m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, ndipo akatentha thupi, kamuyezetseni tsiku lomwelo.